Kodi khoti lingakakamize kampani kutulutsa khodi yake yonse chifukwa cha GPL?

Mawaya:

Moni nonse. Anthu akamakamba za Linux m'zipangizo zogulitsa monga ma rauta, ma TV ndi makamera, pamamveka mawu awiri otsutsana. Ena amati kampani ikangoika kachidutswa ka khodi ya GPL (GNU General Public License, laisensi ya mapulogalamu aulere monga Linux) m'katundu wake, khoti liilamula kutulutsa source code (khodi yowerengeka imene pulogalamu imamangidwa kuchokera ku iyo) yonse, ngakhale imene inadzilembera yokha n'kuisunga mwachinsinsi. Ena amati malaisensi a open source alibe mano, palibe angakutengere kukhoti chifukwa cha pulogalamu imene mwiniwake amaigawa ulere.

Ndikufuna kumva kwa inu amene mumaitsatira milanduyi. Tiyerekeze kuti kampani yagula bolodi kwa wopanga ma chip, bolodiyo yabwera ndi U-Boot (pulogalamu yoyatsira chipangizo), kernel ya Linux (phata la Linux) ndi BusyBox (timapulogalamu tofunikira ta Linux tophatikizidwa pamodzi). Kampaniyo yawonjezerapo pulogalamu yakeyake yotseka, n'kuyamba kugulitsa popanda kupereka source code iliyonse. Ikagwidwa chimachitika n'chiyani kwenikweni? Amaisumira ndani, imalipira zingati, ndipo khodi imene iyenera kutuluka ndi iti?

Funso lachiwiri ndi la mbali inayo. SCO, Oracle ndi Microsoft onse anaopsezapo kapena kusumira anthu ogwiritsa ntchito open source. Alipo amene anapambana?

Kalembera:

A Mawaya, mawu onse awiriwo ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kumaoneka mukayang'ana kumene mphamvu ya GPL imachokera. Khodi ya Linux kapena ya BusyBox ili ndi eni ake, anthu ndi makampani amene anailemba, ndipo lamulo la kopiraiti silikulolani kuikopera n'kuigawa popanda chilolezo chawo. GPL ndiyo chilolezocho, koma chili ndi zoyenera kukwaniritsa. Ndime 4 ya GPLv2, mtundu wachiwiri wa GPL, imanena kuti mukagawa mosatsata zimenezo, chilolezo chanu chimatha chokha nthawi yomweyo, popanda wina kukulemberani kalata. Kuyambira pamenepo, chipangizo chilichonse chimene mukugulitsa chikuphwanya kopiraiti.

Tsono munthu amene kopiraiti yake yaphwanyidwa, khoti limamupatsa chiyani? Limamupatsa chiletso choti wophwanyayo asiye kugawa, chipukuta misozi, ndipo nthawi zina ndalama zolipirira maloya. Khodi imene wophwanyayo anadzilembera siisanduka ya wodandaula. Kampani imatsala ndi njira zitatu: kutulutsa source code imene laisensi ikufuna n'kupempha kuti chilolezo chibwezeretsedwe, kuchotsa khodi ya GPL n'kuikapo ina, kapena kusiya kugulitsa chipangizocho. Ambiri amasankha yoyambayo chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndiye anthu akaona khodi yatuluka amaganiza kuti walamula ndi woweruza.

Rauta ya Linksys WRT54G inayenda choncho. Mu 2003 anthu anazindikira kuti firmware yake, pulogalamu ya m'kati mwa rautayo, ndi Linux, kampani inapanikizidwa, khodi inatuluka nkhani isanafike kukhoti, ndipo OpenWrt, firmware yaulere ya ma rauta, inayambira pa khodi imeneyo. Bungwe la Free Software Foundation (FSF) linadzasumira Cisco, mwini wa Linksys pa nthawiyo, mu Disembala 2008 chifukwa cha mapulogalamu a GNU monga GCC, binutils ndi glibc. Mlandu unatha mu Meyi 2009 pokambirana. Cisco inavomera kusankha munthu woyang'anira za malaisensi ku Linksys, kuika source code pa webusaiti, ndi kupereka ndalama ku FSF zimene kuchuluka kwake sikunalengezedwe.

Zoti alibe mano zinatha kalekale. Ku Germany, Harald Welte, mmodzi mwa olemba netfilter ndi iptables (mapulogalamu osefa zodutsa pa network mu Linux), anapeza chiletso ku khoti la ku Munich mu 2004 choletsa Sitecom kugawa ma rauta ake. Mu 2006 D-Link inayesa kunena ku Frankfurt kuti GPL siimanga munthu, ndipo inaluza, n'kubweza ndalama zimene Welte anagulira chipangizo choyesera ndi kuchifufuzira. Mtsutso umenewo ndi wodzipweteka nawo wekha: GPL ikakhala yopanda mphamvu, ndiye kuti ulibe chilolezo chilichonse chogawira khodiyo.

Ku America mlandu wofunika ndi wa Jacobsen ndi Katzer, wokhudza JMRI, pulogalamu yoyendetsera masitima ang'onoang'ono oseweretsa, imene inali pansi pa Artistic License. Khoti laling'ono linaona ngati nkhaniyo ndi ya kuphwanya pangano basi, ndipo pa chinthu chogawidwa ulere chipukuta misozi cha pangano chimakhala chochepa zedi. Mu Ogasiti 2008 khoti la apilo la Federal Circuit linagubuduza chigamulocho. Linati zofunika za m'laisensi ndi malire a chilolezo, wodutsa malirewo waphwanya kopiraiti, choncho chiletso n'chotheka. Katzer anadzalipira madola 100,000 pothetsa nkhaniyo mu 2010.

Milandu yofanana kwambiri ndi chitsanzo chanu ndi ya BusyBox. Woyamba unali wa Monsoon Multimedia mu Sepitembala 2007, m'dzina la Erik Andersen ndi Rob Landley, ena mwa olemba BusyBox. Mu Disembala 2009 makampani 14 anasumiridwa nthawi imodzi ku New York, kuphatikizapo Best Buy, Samsung ndi Westinghouse Digital Electronics. Ambiri anathetsa pokambirana. Westinghouse inasiya kudziteteza, ndipo mu 2010 khoti linailamula kulipira madola 90,000 ndi ndalama za maloya, kusiya kugawa BusyBox, ndi kupereka ma TV otsala amene anali ndi khodiyo. Muone pamenepo: madola 90,000 kwa kampani ya ma TV si kanthu. Chopweteka ndi katundu amene wadzaza m'nyumba yosungira koma sangagulitsidwe.

Ndalama zimakula pamene mwini khodi amagulitsanso laisensi yolipira, pakuti zikatero mtengo wa chimene mwazemba umadziwika. Artifex, imene imagawa Ghostscript (pulogalamu yowerenga mafayilo a PDF ndi PostScript) pansi pa laisensi yaulere komanso yolipira, inasumira Hancom ya ku South Korea mu 2016, ndipo mu 2017 khoti la ku California linalola kuti dandaulo la kuphwanya pangano lipitirire pamodzi ndi la kopiraiti. Anagwirizana mwachinsinsi chaka chomwecho. Ku France, Entr'ouvert inalimbana ndi Orange kuyambira 2011 pa library yotchedwa Lasso, ndipo mu Febuluwale 2024 khoti la apilo la ku Paris linalamula Orange kulipira mayuro opitirira theka la miliyoni.

Wosumira nthawi zambiri amakhala mwini kopiraiti wa gawo lina la khodiyo, kapena bungwe limene wolembayo analipatsa mphamvu. Ku America khodi yolembedwa komweko iyenera kulembetsedwa ku Copyright Office mlandu usanayambe.

Chitsulo:

Za malamulo a Kalembera afotokoza bwino. Ine ndikamba za pa benchi, chifukwa milandu yambiri imeneyi imayamba ndi tizinthu timene mainjiniya akanakonza katundu asanatumizidwe.

Kugwidwa sikuvuta. Wofufuza amatsitsa fayilo ya firmware pa webusaiti ya kampani yomweyo n'kuiyendetsa pa binwalk, imene imaonetsa pamene pali kernel ndi pamene pali squashfs, gawo losunga mafayilo opanikizidwa a chipangizocho. Akamasula squashfs amapeza /bin/busybox, ndipo kapulogalamu ka strings kamatulutsa dzina la BusyBox pamodzi ndi nambala ya mtundu wake. Firmware ikapanda kupezeka pa intaneti, amatsegula chipangizo n'kulumikiza waya pa mapini a UART, kawirikawiri pa liwiro la 115200, ndipo chikamayaka U-Boot ndi kernel zimadzitchula zokha mayina. Kubisa kumangokulitsa mlandu. Fortinet inanenedwa kuti inaphimba khodi ya GPL ndi encryption, komabe inagwidwa n'kupatsidwa chiletso ku Munich mu 2005. Ku America kuphwanya mwadala kumakweza chipukuta misozi chokhazikitsidwa ndi lamulo mpaka madola 150,000 pa ntchito imodzi yolembetsedwa.

Zoyenera kupereka zili mu ndime 3 ya GPLv2. Mutha kuika source code m'bokosi limodzi ndi chipangizo, kapena kuikamo kalata yolonjeza kuti aliyense wopempha adzapatsidwa, kwa zaka zosachepera zitatu, pa mtengo wosapitirira ndalama zokoperera ndi kutumizira. Mawu a laisensi yeniyeniyo akhalemonso. Mu 2007 khoti la ku Munich linapeza Skype yolakwa pa foni ya SMC imene inkagulitsa, chifukwa kapepala kongoloza anthu ku webusaiti kanaonedwa kuti n'kosakwanira.

Pamene ambiri amagwera ndi pa tanthauzo la source code yonse. Kuloza anthu ku kernel.org sikuthandiza, pakuti kernel ya m'chipangizo chanu si imeneyo. Pafunika mtundu weniweni umene munamanga, ma patch onse a wopanga chip ndi anu, fayilo ya .config ya kernel ndi ya BusyBox, mafayilo a device tree, ndi ma script omangira ndi oikira pulogalamuyo m'chipangizo, amene laisensi imawatchula mwachindunji. Poyesa, perekani phukusilo kwa munthu amene sanagwire nawo ntchitoyo, pa kompyuta yopanda zida zanu, amange potsata malangizo olembedwa okha, kenako aike zotulukazo m'chipangizo. Chikakana kuyaka, phukusi silinakwane. Zimene zimalephereka kawirikawiri ndi Makefile yoloza ku seva ya m'kati mwa kampani, toolchain imene palibe analemba mtundu wake, ndi fayilo ya header imene wina anachotsa poiyesa chinsinsi. Ndipo firmware iliyonse yatsopano imafuna phukusi lakelake. La mtundu 1.0 silingakuyankhireni pa mtundu 1.3.

Musadalire mawu a amene anakugulitsani bolodi. Fantec inachita zimenezo: kampani imene inaipangira chipangizo inaitsimikizira kuti source code ndi yokwanira, koma phukusilo linalibe source code yokwanira ya iptables imene inali mu firmware. Mu 2013 khoti la ku Hamburg linati unali udindo wa Fantec kufufuza yokha kapena kulemba katswiri, ngakhale zikanaidyera ndalama. Wogawa ndinu, mlandu ndi wanu. Ndiye m'pangano logulira bolodi lembanimo kuti malipiro omaliza adzaperekedwa source code ikamangidwa n'kuyaka. Samalaninso ndi pangano losunga chinsinsi limene opanga ma chip amakonda kusainitsa. Likaphimba ma patch a kernel, ndime 7 ya GPLv2 imati ngati simungathe kukwaniritsa zonse ziwiri, musagawe n'komwe.

Misampha ina iwiri. glibc ndi uClibc zili pansi pa LGPL, laisensi yofewerapo kuposa GPL yopangidwira ma library, ndipo LGPL imafuna kuti wogula athe kuchotsa library n'kuikapo ina yosinthidwa. Mukalumikiza mwa dynamic linking zimenezi zimatheka zokha. Mukalumikiza mwa static, muyenera kupereka ma object file a pulogalamu yanu kuti munthu alumikizenso, ndipo laisensi yanu yotseka isaletse reverse engineering yofufuzira zolakwika pa kusinthako. Wachiwiri ndi GPLv3: bash kuyambira mtundu 4, coreutils yatsopano ndi gdb zili pansi pake, ndipo pa chipangizo chogulitsidwa kwa anthu wamba imafuna kuti mupereke njira yoikira pulogalamu yosinthidwa, ngakhale makiyi ngati bootloader ndi yokhoma. Mainjiniya amaiwala gdbserver mu firmware atamaliza kufufuza vuto, basi msampha wafwamphuka.

Zida zilipo. Mu Buildroot, make legal-info imasonkhanitsa malaisensi ndi source code ya phukusi lililonse. Mu Yocto muli kalasi ya archiver, ndipo INCOMPATIBLE_LICENSE imatsekereza GPLv3 kuti isalowe mu image. ScanCode ndi FOSSology zimasanthula mafayilo ochokera kwa ena n'kuonetsa laisensi ya iliyonse. Ofuna ndondomeko ya kampani yonse aone OpenChain, imene ndi ISO/IEC 5230.

Kalata yodandaula ikafika, iyankheni m'masiku amene yatchula, imitsani kaye kutsitsa kwa firmware pa webusaiti, ndipo musafufute chilichonse m'ma repository. Kukhala chete ndi kumene kumasandutsa kalata kukhala mlandu.

Mawaya:

Zikomo akuluakulu, zamveka. Koma gawo limodzi silinandilowe. Pa chitsanzo changa chija, pulogalamu yotseka ya kampaniyo ili pabwino kapena ayi? Nanga ngati inalembanso driver yakeyake imene imalowa mu kernel ngati module ya .ko, osatulutsa khodi yake? Opanga ma chip a Wi-Fi ambiri amachita zimenezi poyera, ndipo sitimva kuti asumiridwa.

Kalembera:

Pulogalamu imene imayenda payokha pamwamba pa kernel, n'kumalankhula nayo kudzera m'ma system call wamba, ili pabwino. Fayilo ya COPYING ya Linux inanena kuyambira kale kuti mapulogalamu otero saonedwa ngati ochokera ku kernel, ndipo ndime 2 ya GPLv2 imati kungoika mapulogalamu awiri pa chosungira chimodzi sikusandutsa winayo kukhala wa GPL. Vuto limayamba mukalumikiza khodi yanu ndi library ya GPL yeniyeni m'pulogalamu imodzi. GNU readline imagwira anthu ambiri motero, chifukwa amaiyesa ya LGPL. Mankhwala ake n'kuichotsa n'kuikapo libedit, imene laisensi yake ndi ya BSD.

Module ndi nkhani ina. Imalowa m'malo amodzi a memory ndi kernel, imamangidwa ndi ma header a kernel amene ali ndi khodi ya inline, ndipo imaitana ma function a m'kati. Olemba kernel anaika chizindikiro cha EXPORT_SYMBOL_GPL pa ma function amene amati wowagwiritsa ntchito wazama kwambiri moti sanganene kuti khodi yake ndi yoima payokha. Module imaloledwa kuwafika pokhapokha italengeza laisensi yogwirizana ndi GPL mu MODULE_LICENSE. Kulemba GPL pamenepo n'kukana kutulutsa khodi n'kudzilembera umboni wokutsutsa ndi dzanja lako.

Mlandu umene unayandikira kuyankha funsoli ndi wa Christoph Hellwig, mmodzi mwa olemba kernel, ndi kampani ya VMware, ku Hamburg mu 2015, mothandizidwa ndi Software Freedom Conservancy. ESXi, pulogalamu ya VMware ya ma seva, inali ndi vmkernel yotseka ndi gawo lotchedwa vmklinux lotengedwa ku Linux, ndipo Hellwig ankati ziwirizo ndi pulogalamu imodzi. Khoti linathetsa mlanduwo mu 2016, apilo inakanidwanso mu 2019, koma chifukwa chake sichinali choti VMware ilibe mlandu. Makhoti anati Hellwig sanaonetse mokwanira mizere imene analemba iyeyo payekha ndi pamene ili mu ESXi. Funso lenilenilo silinakhudzidwe. VMware inalengezabe kuti ichotsa vmklinux, ndipo inaichotsadi mu vSphere 7. Choncho kusasumiridwa kwa opanga ma chip kumachokera ku kuvuta kwa umboni pa khodi imene anthu masauzande anailemba ndi kuilembanso, osati ku chigamulo chowayeretsa.

Ndipo ngozi siichokera kwa olemba khodi okha. Versata inasumira kasitomala wake Ameriprise ku Texas pa pulogalamu yotseka yotchedwa DCM. Pofufuza umboni, Ameriprise inapeza kuti mu DCM muli VTD-XML ya XimpleWare, imene ili pansi pa GPLv2. Ameriprise inatembenuza mlandu, XimpleWare nayo inasumira Versata ndi makasitomala ake mu 2013, mpaka zonse zinathera pokambirana mu 2015. Aliyense wofuna kugula kampani yanu adzasanthulanso khodi mofananamo asanatchule mtengo.

Msakatuli:

Funso lachiwiri lija palibe waliyankha, nditengeko. Pa kopiraiti, makampani a mapulogalamu otseka sanapindule kwenikweni, ndipo chimene chinawagwetsa n'chomwe chinagwetsa Hellwig: kulephera kuonetsa kuti khodi ndi yawo, fayilo iti, mzere uti.

Woyamba anali USL, kampani ya AT&T yosunga Unix, imene inasumira BSDi ndi University of California mu 1992 chifukwa cha BSD, mtundu wa Unix wolembedwa ku Berkeley pa yunivesiteyo umene BSDi inkagulitsa. Woweruza anakana kupereka chiletso, yunivesite nayo inasumira USL kuti inatenga khodi ya Berkeley n'kuchotsa mayina a eni ake. Novell itagula USL, anagwirizana kuchiyambi kwa 1994. Pa mafayilo pafupifupi 18,000, atatu okha ndi amene anachotsedwa, ena pafupifupi 70 anangowonjezeredwa mawu a kopiraiti, ndipo 4.4BSD-Lite inatuluka. Komabe zaka ziwiri za mantha zinabweza BSD m'mbuyo pa nthawi imene Linux inkakula. Mlandu ungathe kuvulaza ngakhale wousuma sanapambane.

SCO Group inasumira IBM mu Marichi 2003, poyamba pa madola 1 biliyoni, kenako 5 biliyoni, n'kumauza ogwiritsa ntchito Linux kuti agule laisensi ya madola 699 pa seva ya purosesa imodzi. Mu 2004 inasumiranso AutoZone ndi DaimlerChrysler, ongogwiritsa ntchito chabe. Pamsonkhano wake wa Ogasiti 2003 inaonetsa zidutswa za khodi imene inkati inabedwa, zina zitaphimbidwa ndi zilembo za Chigiriki. Anthu anazimasula n'kupeza kuti chimodzi chinali khodi yakale ya Unix yogawira memory imene Caldera, kampani yomweyo isanasinthe dzina, inali itaimasula kale mu 2002, ndipo china chinali Berkeley Packet Filter yochokera ku BSD. Mu 2006 khoti linataya zambiri mwa mfundo za SCO chifukwa sinatchule fayilo, mtundu ndi mzere. Chachikulu chinabwera kuchokera ku Novell, imene inati pangano la 1995 logulitsa bizinesi ya Unix silinasamutse kopiraiti. Woweruza Dale Kimball anagamula mokomera Novell mu Ogasiti 2007, SCO inapempha chitetezo cha khoti pa ngongole mwezi wotsatira, ndipo jury inatsimikiza mu Marichi 2010 kuti kopiraiti ndi ya Novell. Madola 14.25 miliyoni amene IBM inapereka mu 2021 anali otsekera zotsalira za mlanduwo, zokhudza Project Monterey, ntchito ina yakale yopanga Unix imene IBM inachita nawo, osati chigamulo choti Linux ili ndi khodi yakuba. Mzere wa Signed-off-by umene mumauona pa patch iliyonse ya kernel unayamba mu 2004 chifukwa cha nkhani imeneyi, kuti chiyambi cha khodi iliyonse chizidziwika.

Oracle ndi Google ndi mlandu wina, pakuti kukopera sikunakanidwe. Google inatenga mizere pafupifupi 11,500 yolengeza ma API (mayina ndi njira zoitanira ntchito za pulogalamu) a Java m'maphukusi 37, n'kulemba yokha khodi yogwira ntchitoyo. Oracle inasuma mu 2010 n'kumafuna madola pafupifupi 9 biliyoni. Woweruza William Alsup anati mu 2012 ma API otero satetezedwa ndi kopiraiti, Federal Circuit inagubuduza mu 2014, jury inati ndi fair use (kagwiritsidwe kamene lamulo limalola popanda chilolezo) mu 2016, Federal Circuit inagubuduzanso mu 2018, mpaka Supreme Court inagamula pa 5 Epulo 2021, oweruza 6 kwa 2, kuti ndi fair use. Ambiri amaiwala kuti khotilo silinanene kuti API ilibe kopiraiti. Linangoyerekeza kuti ili nayo, n'kuona kuti kagwiritsidwe ka Google kanali kololeka. Ku Europe malire ndi omveka bwinoko: pa mlandu wa SAS Institute ndi World Programming mu 2012, khoti la European Union linati ntchito imene pulogalamu imagwira, chilankhulo cholembera ndi kaikidwe ka mafayilo sizitetezedwa monga pulogalamu ya kompyuta.

Pamene makampani anapezadi ndalama ndi pa mapatenti, chifukwa patenti siifuna kuti ukopere. Ukhoza kulemba wekha mzere uliwonse n'kuiphwanyabe. Microsoft inanena mu 2007 kuti Linux ndi mapulogalamu ena aulere akuphwanya mapatenti ake 235, osawatchula. Mu Febuluwale 2009 inasumira TomTom, ndipo ena mwa mapatentiwo anali a mayina aatali a mafayilo mu FAT, njira ya Microsoft yosungira mafayilo. TomTom inathetsa nkhaniyo pokambirana mwezi wotsatira, inalipira n'kuvomera kuchotsa gawolo. Katswiri wa mapulogalamu Andrew Tridgell anakonza patch yoti Linux isamalembe dzina lalifupi ndi lalitali nthawi imodzi pa fayilo, pofuna kulambalala patentiyo. Opanga mafoni a Android monga HTC ndi Samsung analipiranso Microsoft popanda chigamulo cha khoti. Zinasintha mu Okutobala 2018 pamene Microsoft inalowa mu Open Invention Network ndi mapatenti pafupifupi 60,000. Mamembala a bungweli amalonjezana kusasumirana pa zimene zili m'ndandanda wa Linux System, ndipo kampani yopanga zipangizo za Linux imene sinalowemo ikudzimana yokha. Lonjezolo silimanga makampani amene ntchito yawo n'kugula mapatenti n'kumasuma basi, monga Rothschild Patent Imaging imene inasumira GNOME Foundation mu 2019 pa Shotwell, pulogalamu ya zithunzi, n'kusiya mu 2020 osalandira kanthu.

Namondwe:

A Kalembera, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma zoti khoti silingalamule kutulutsa khodi musazilimbitse kwambiri. N'zoona pa njira ya kopiraiti. Pa njira ya pangano, khoti lili ndi mphamvu yolamula munthu kuchita chimene analonjeza. Software Freedom Conservancy inasumira Vizio ku California mu Okutobala 2021 ngati wogula TV, osati ngati mwini kopiraiti, ponena kuti GPL ndi pangano lopindulira wolandira chipangizo. Sinapemphe ndalama, inapempha source code. Vizio inasamutsira mlanduwo ku khoti la federal ponena kuti ndi wa kopiraiti basi, koma mu Meyi 2022 woweruza anaubweza ku khoti la California, ponena kuti ufulu wolandira source code ndi chinthu chimene lamulo la kopiraiti silipereka. Mfundo imeneyi ikakhazikika, wosuma angakhale aliyense amene wagula chipangizo, ndipo vuto la umboni wa mizere limene linagwetsa Hellwig silikhalaponso. Kumene ndikuvomerezana nanu n'koti ngakhale pamenepo chofunidwa ndi khodi ya magawo a GPL ndi LGPL, osati pulogalamu iliyonse ya m'TV.

Pa kalata imene a Chitsulo atchula, ogulitsa ku Germany asamale. Kumeneko kalata yochenjeza imabwera ndi chikalata choti musaine, cholonjeza kusaphwanyanso ndi kulipira chindapusa nthawi iliyonse imene mwaphwanya. Patrick McHardy, amene anali m'gulu la netfilter, anadziwika ndi njira yosainitsa makampani pa cholakwa chaching'ono, kenako n'kubwera ndi zolakwa zina pa zipangizo zina kudzatolera chindapusa. Loya wa kumeneko achepetse chikalatacho kuti chitchule chipangizo, mtundu wa firmware ndi khodi ya wodandaulayo yokha. Kuchinyalanyaza kumabweretsa chiletso cha khoti mwamsanga, ndipo kuphwanya chiletsocho kungafike mayuro 250,000 pa ulendo umodzi.

Chifukwa cha zimenezi, olemba kernel ambiri anasaina Kernel Enforcement Statement mu 2017, yobwereka nthawi yokonzera zolakwa ku ndime 8 ya GPLv3. Wolakwa koyamba amene wakonza m'masiku 30 chilandirireni chidziwitso amabwezeredwa chilolezo, ndipo amene wasiya yekha kuphwanya amabwezeredwa kotheratu ngati mwini khodi sanamudziwitse m'masiku 60. Lonjezoli limamanga okhawo amene anasaina, ndipo ndi la kernel. Pa BusyBox ndi U-Boot za m'chitsanzo cha a Mawaya, chilolezo chikatha muyenera kuchipempha kwa eni khodi a mapulogalamu amenewo paokha.